Kuphika zamasamba kuno ku Mangochi: mafunso amene mumandifunsa mobwerezabwereza

Patha zaka zingapo tsopano chichepetsereni nyama ndi nsomba pakhomo panga, nde anthu akamva zimenezi mafunso ake amakhala omwewomwewo, kaya ndi kumsika, kaya pampanda ndi aneba, olo kumaliro tikamadula kabichi kuseri kwa nyumba. Ndatopa nako kubwereza, ndangoti ndiwasonkhanitse pamodzi.

Munthu wa ku Mangochi osadya nsomba? Mukunena zoona inu?

Sindinalumbire kuti nsomba ndi mdani wanga ayi. Usipa umalowa m'nyumba muno kamodzi kapena kawiri pa sabata, kwenikweni chifukwa cha ana (za anawo zili kumunsiku). Koma masiku ambiri pamphasa pamakhala nsima, nyemba kapena nandolo kapena khobwe, ndi masamba basi. Kunjaku kuli ena amene sadya nyama koma mazira ndi mkaka amadya, ena sakhudza chilichonse chochokera ku chamoyo olo uchi weniweniwu. Ine sindili m'gulu lililonse, ndimangophika zakumunda kwambiri, zam'madzi ndi zam'khola pang'ono.

Chinakuyambitsani ndi chani?

Thumba, tisanamizane. Tili m'mphepete mwa nyanja ndi Shire yemwe koma chambo timangochiona chikukwera basi kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kapena chikulowa m'mahotela a m'mbali mwa nyanjamu. Anganga anga ankati kale chambo cha ku Malombe chinali chosasowa, koma pofika zaka za m'ma 1990 chinali chitatsika kwambiri chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi tiana tomwe, lero kwatsala kambuzi ndi tinsomba tina ting'onoting'ono. Usipa nawo uli ndi nyengo zake, mwera ukamawomba mu June ndi July asodzi salowa bwino, mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, kenako pali nthawi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, nde mtengo umangodumphadumpha. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 zinthu zinangofika poti mulu umene unkakwana banja lonse ukungokwana anthu awiri.

Chachiwiri bambo akunyumba anawapeza ndi BP, kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere ndi zonona. Kanyenya wa madzulo uja anathera pamenepo.

Koma masamba ndi nyemba si ndiwo za amphawi?

Funso ili ndi limene limandipweteka mutu. Munthu amati "kwathu lero tagona ndi njala" chonsecho wadya nsima ya nkhwani wotendera mpaka kunyambita zala, kungoti sipanaoneke munga kapena fupa. Makolo athu nyama ankaiona pa Idi, pa Khrisimasi, pa sadaka, kapena kukabwera mlendo wolemekezeka nkumugwirira nkhuku. Masiku ena onse anali bonongwe, luni, denje, chisoso, chitambe, nzama, ndipo ankalima kuyambira mbandakucha.

Chimene chinaipitsa mbiri ya masamba ndi kaphikidwe. Madzi odzadza poto, mchere, masamba kubwata mpaka kuda bii ngati akuwapatsa chilango, nde munthu angazikonde bwanji zimenezo? Ambiri amene amati sakonda masamba sanadyepo ophikidwa bwino.

Nanga masamba otendera abwino mumaphika bwanji?

Tengani nkhwani wanthete, musadzule bwinobwino kuchotsa timinga ndi mitsitsi ija, mutsuke musanadule osati mutadula kale. Madzi akhale ochepa, kungobisa pansi pa poto, awire kaye nde muike masamba ndi kamchere. Akangofota thirani tomato, pakapita kanthawi nsinjiro pamwamba, osatakasa nthawi yomweyo, vundikirani kaye kuti nthunzi iphike nsinjirozo, kenako takasani ndi kuchepetsa moto. Nsinjiro zosapsa zimamveka kukhosi ndipo zimatsegula m'mimba ena, nde zipatseni mphindi 10 kapena kuposerapo pamoto wochepa. Masambawo atuluke akadali obiriwira.

Nsinjiro zake muzisinja nokha kapena mugule kwa munthu amene mukumudziwa (onani funso la chuku). Ndipo mukatendera mafuta safunikanso, mtedzawo uli ndi mafuta ake kale, ine zothira zonse ziwiri ndimaona ngati kuononga ndalama. Mtedza ukadula chitowe chokazinga nkusinja chimagwira ntchito yomweyo, makamaka mu chisoso ndi luni chifukwa chimaphimba kuwawa kuja.

Repu, tchainizi ndi mpiru ndi bwino kungokazinga mwachangu ndi anyezi ndi tomato. Kholowa muziuyanika kaye padzuwa pang'ono afote, satereranso kwambiri.

Soda kapena chidulo ndi zoipa?

Soda amafewetsa msanga komanso amasunga mtundu, koma amaononga mavitamini ena, makamaka C ndi ena a gulu la B. Therere ndi denje popanda soda kapena chidulo sizimveka, pamenepo sindikutsutsani, thirani kansonga ka supuni basi. Koma bonongwe wanthete, nkhwani wanthete, soda wa chani? Ena afika pothira soda ndi mu kabichi momwe, aaa.

Mphamvu muzizitenga kuti osadya nyama?

Kusikelo ndi alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Zomanga thupi sizili mu gulu la nyama lokha, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mphodza, soya ndi mtedza nazo ndi zomanga thupi. Chimanga pachokha chimaperewera zina, nyemba pazokha zimapereweranso zina, koma zikakumana m'mbale zimakwaniritsana, ndiye kuti nsima ya nyemba imene timainyozayi ndi chakudya chokwana ndithu. Likuni phala nayenso nzeru yake ndi yomweyo, magawo 4 a chimanga ndi gawo 1 la soya wokazinga.

Vuto lathu ndi loti nsima imakhala phiri, ndiwo kasupuni kamodzi kongosusira. Chepetsani mtanda umodzi, onjezerani chipande cha nyemba.

Pali kanthu kamodzi, vitamini B12, kamene zomera sizingakupatseni, ndakafotokoza pa funso la ana.

Nyemba zimanditupitsa mimba, komanso zimatha makala. Nditani?

Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi amodzi, kuviika. Sankhani nyemba madzulo, viikani usiku onse maola 8 kapena kuposa, mmawa tayani madziwo muike ena. Zimapsa msanga ndipo mpweya uja umachepa. Kunja kukatentha ngati mu October musapitirire kwambiri, zimayamba kuchita thovu ndi kununkha. Zikafika pamoto ziwire mwamphamvu kaye mphindi zosachepera 10, makamaka zofiira zija, nyemba zosapsa zimadwalitsa m'mimba. Tomato muthire kumapeto zitafewa kale chifukwa zowawasa zimalimbitsa khungu la nyemba.

Njira imene inandipulumutsa ine ndi ya dengu. Nyemba zoviika zikawira mphindi 20 mpaka 30, ndimaphula poto ali chivundikirire, nkumukulunga mu zitenje zakale ndi bulangete, kumuika mu dengu, pamwamba pilo wakale. Pakatha maola 3 kapena 4 mumapeza zafewa zikadali zotentha, nkungokazingira anyezi ndi tomato. Aneba poyamba ankaseka ati ndagoneka nyemba ngati mwana wakhanda, pano awiri akuchita nawo.

Ngati mimba ikuvutabe yambani ndi mphodza kapena khobwe, sizichedwa kupsa, kapena pangani chipere: viikani, tikitani m'manja makoko achoke, phikani mpaka ziphwanyike nkupekesa. Makokowo ndi amene amavuta ambiri. Nzama ndi zokoma koma ndi ankhanza pa nkhuni, zimenezo ndi za dengu basi. Nandolo wamuwisi wa mu June ndi July sachedwa nkomwe, ndipo kwa ine palibe ndiwo yoposa ameneyo, olo mundibweretsere chambo chowamba.

Soya pisi ndi chakudya chenicheni kapena ndi zongonamiza pakamwa?

Ndi soya weniweni amene anamuchotsa mafuta, nde zomanga thupi zilimo zambiri. Kungoti ambiri amaphika moipa, kungokhuthulira mu msuzi nkumatafuna ngati siponji. Viikani m'madzi otentha mphindi 10, finyani zolimba, kazingani m'mafuta pang'ono mpaka afiire m'mbali, kenako anyezi, adyo, tomato, kambuzi ngati mumadya tsabola. Zokometsera zimene amaikamo zimakhala ndi mchere wambiri, nde lawani kaye musanathire wina, a BP samalani pamenepa. Ine ndimaphika kamodzi pa sabata, tsiku lililonse ayi, zimakola.

Ndinamva kuti chigwada ndi kalongonda zimapha. Zoona?

Zikaphikidwa mwaulesi inde zimavulaza. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, nchifukwa chake timasinja mu mtondo mpaka asalale nkuwiritsa nthawi yaitali, ola lathunthu silichuluka, ndipo poyamba poto akhale wosavundikira kuti zoipazo zituluke ndi nthunzi. Chinangwa chokoma ngati Manyokola mutha kungophika, koma chowawa chija chimafuna kusenda, kuviika masiku angapo mpaka chifewe, nkuyanika chiume gwa musanapange ufa wa kondowole. Nthawi ya njala ndi imene anthu amafupikitsa masiku oviika, ngozi zimachitikira pamenepo.

Kalongonda ndi ntchito ya tsiku lonse, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kangapo konse. Wosapsa amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Ngati simunaonepo akuluakulu akuphika musayambe nokha. Bowa chimodzimodzi, amene simukumudziwa dzina musiyeni kutchire komweko.

Nkhuli ikakugwirani mumatani?

Kkkk imagwira ndithu, makamaka mukamadutsa pa chiwaya madzulo. Chimene pakamwa pamafuna nthawi zambiri ndi kafungo kowamba ndi kokazinga kaja, nde mabiringano owotcha pamakala nkusenda nkukazinga ndi tomato amathandiza, bowa wouma wotendera amathandiza kwambiri, mtedza wokazinga wamchere nawo. Zikakanika ndimapita kukagula utaka kapena mcheni nkudya, palibe amene anandilembera malamulo.

Bambo akunyumba amati ndiwo zopanda nsomba sadya. Ndiwatani?

Musalengeze. Mukangonena kuti "kuyambira lero muno tizidya zamasamba" mwaputa mlandu, mawa lake apongozi amva kuti mwana wawo mukumupha ndi njala. Ine ndinayamba ndi kuika ndiwo ziwiri, kausipa pang'ono ndi mbale yaikulu ya masamba otendera kapena nandolo, pang'onopang'ono mbale ya usipa inkachepa, ndipo palibe anadandaula. Njira ina ndi kusinja bonya wouma nkuwaza supuni imodzi kapena ziwiri mu masamba kapena mu therere, fungo la nsomba limamveka nyumba yonse chonsecho mwagwiritsa ntchito kadzanja kamodzi.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Makanjira ndinawaphera nkhuku tsiku loyamba monga mwa ulemu, masiku enawo anadya zomwe timadya. Pochoka anati "amwali, khobwe uja mundipakireko", nkhani inathera pomwepo.

Ana ang'ono ndi amayi oyembekezera angadye zamasamba zokhazokha?

Apa ndiye ndimalimba mawu. Ayi, musawayese. Vitamini B12 mu zomera mulibe, olo mudye chamwamba mtengo onse. Amapezeka mu nsomba, nyama, mazira ndi mkaka, kapena m'mapiritsi. Munthu wamkulu thupi lake limasunga vitamini ameneyu m'chiwindi kwa zaka ndithu nde sazindikira msanga, kenako kumayamba dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kufooka, magazi kuchepa. Mwana nkhokwe yake ndi yochepa, ndipo woyamwa amadalira zimene mayi ake ali nazo. Nchifukwa chake usipa sunachoke pakhomo panga, umadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe nde umalimbitsanso mafupa. Mwana akakwana miyezi 6 nkuyamba phala, phalalo likhale la mgaiwa lolimbako osati lamadzimadzi, muikemo nsinjiro, tsiku lina ufa wa usipa, tsiku lina dzira, tsiku lina masamba osinja. Wamkulu amene wasankha kusiyiratu zanyama zonse afunse kuchipatala kapena ku famase za mapiritsi a B12.

Za magazi, nyemba ndi masamba obiriwira zili ndi ayironi koma thupi limavutika kumutenga. Chimathandiza ndi kudyera limodzi ndi zokhala ndi vitamini C, tomato, ndimu, gwafa, mango, kapena madzi a malambe amene kuno tili nawo osowa nawo kotaya. Tiyi amatchinga, nde musamwere pa chakudya, dikirani ola. Oyembekezera mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo aja muzimwa, bonongwe salowa m'malo mwake. Mbatata yofiira mkati ngati Kaphulira kapena Kadyaubwerere ili ndi vitamini A, ana amaikonda chifukwa chotsekemera.

Mgaiwa kapena ufa woyera?

Ufa woyera timaukonola, kuuviika, kuutsuka, nde gaga ndi kamtima ka chimanga zimapita ku nkhuku, ife nkutsala ndi zoyera zokhazo. Mgaiwa uli ndi zonse ndipo umakhalitsa m'mimba, thumba limachedwanso kutha. Kuipa kwake suchedwa kuwawa ukakhalitsa chifukwa cha mafuta a kamtima kaja, nde muzigayitsa wa masabata awiri basi. Pakhomo pakakhala okana, yambani ndi gramil kapena sakanizani theka ndi theka. Kuthirako mapira pang'ono pogayitsa kumabweretsa kafungo kabwino.

Chilimwe masamba akasowa kapena akadula?

Chakudza sichiyimba ng'oma, koma chilimwe chokha chimayimba, chimabwera chaka chilichonse, nde nzodabwitsa kuti timachita kudzidzimuka nacho. Mu February ndi March chitambe, nkhwani, khwanya ndi bonongwe zimakhala mbwee mpaka kutaya, imeneyo ndi nthawi yofutsa. Wiritsani pang'ono chabe m'madzi amchere, mphindi zochepa, tsanulani, yanikani pa thandala kapena pa mphasa yoyera. Pamthunzi podutsa mphepo ndi pabwino kuposa padzuwa lamphamvu, mfutso wake umakhala wobiriwirako ndipo mavitamini satha kwambiri. Ukauma wofumbutuka sungani mu chigubu chotseka bwino kapena mu chikwatu ngati mumatha kumanga. Therere lodula, tomato ndi bowa nazo zimayanikika. Pophika viikani kaye m'madzi ofunda nkutendera monga ndafotokozera pamwambapa.

Nyemba ndi khobwe gulani nthawi yokolola zikatsika mtengo, ziume bwino, musunge mu matumba a PICS (osalowa mpweya aja) kapena mu chigubu chosalowa mpweya, anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Anganga ankasakaniza ndi phulusa losefa, pa zochepa zimagwirabe.

Chuku cha mtedza ndi nkhani yeniyeni?

Eya. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume kapena ponyowa zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amaononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Choopsa nchakuti mtedza wonyala, wosweka ndi wakuda umene wasankhidwa pogulitsa wabwino ndi umene ena amasinja nkupanga nsinjiro, mu ufa simungauonenso. Sankhani, wowawa ndi wosintha mtundu tayani. Ndipo chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usendeke mosavuta chija ndi chimene chimayitana chuku.

Pa Ramadani, pa Lenti, kapena pa sadaka mumatani?

Banja lathu ndi losakanikirana ngati mabanja ambiri kuno, kuchimuna Asilamu, kwa mayi anga Akatolika. Pa Ramadani zamasamba sizivuta nkomwe, pofuturu futali wa mbatata kapena wa chinangwa ndi wa nsinjiro kale, phala la mpunga, zitumbuwa. Pa daku, chakudya cha mbandakucha chija, ndimalimbikitsa mgaiwa ndi nyemba kapena nzama chifukwa zimakhalitsa, osati tiyi ndi mandasi amene pofika 10 koloko mmawa wathamo kale, ndipo mchere uchepe kuopa ludzu. A Lenti amene amasala nyama Lachisanu, kuno amangothawira ku nsomba, koma nandolo naye alipo.

Pa sadaka, pa ukwati, pa maliro, idyani chimene mwapatsidwa kapena tengani mpunga ndi kabichi mwakachetechete. Kukayamba kuphunzitsa anthu za zakudya pakhomo pa eni ake ofedwa ndi mwano.

Ndilibe filiji, nanga zotsala ndizisunga bwanji ndi kutentha kwa kunoku?

Olo a filiji magetsi akazima tonse timafanana. Zotendera sizigona, mu October ndi November zimasasa madzulo omwewo, nde phikani zokwana kudya kamodzi. Nyemba zophika zambiri patulani zoti mudye, zotsalazo zisakhale ndi tomato, muziwiritsenso madzulo mpaka zibwate, vundikirani osatsegulanso kapena kupisamo chipande, mmawa ziwirenso musanadye. Mpunga wogona ndimauopa kuposa mkute wa nsima. Chimene chayamba kuchita thovu kapena kunanda tayani, musati ndingotenthetsa.

Zosaphika ngati kachumbari ndi zipatso muzitsuka ndi madzi othira kolorini kapena owiritsa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anatigunda kwambiri boma lino, amene tinaona sitinaiwale. Madzi a kunyanja kapena a mu Shire akuoneka oyera bwanji, osamwa kapena kutsukira tomato wodya wamuwisi musanawateteze.

Mbaula yabwino ndi iti?

Wa nkhuni agule chitetezo mbaula, yadothi ija. Imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, utsi umachepa, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho, ngakhale mitengo ya nandolo mukakolola. Isanyowe ndi mvula ndipo musaigwetse basi. Makala ndi osavuta inde koma tayang'anani mmene mapiri a Namizimu ndi Phirilongwe akuyerera, mtengo wa thumba nawo sukutsika. Gasi ndi wabwino pa tiyi ndi zokazinga, kungoti kuyamba kwake kumafuna ndalama, ndipo kuphikira nyemba pa gasi popanda kuviika ndi dengu lija ndi kudzilanga nokha. Chilichonse chimene muli nacho vundikirani poto, ndipo mbaula yamakala musalowe nayo m'chipinda chotseka mu June ati kuotha, utsi wake wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo.

Ndili pa lendi, malo ndi ochepa. Ndingadzale chani?

Matumba akale a simenti kapena a feteleza otsuka bwino, dothi losakaniza ndi manyowa, kuboola pansi ndi m'mbali. Bonongwe pakatha masabata 3 kapena 4 mwayamba kale kuthyola, kholowa mumangobzala kamtsitsi kamodzi nkumathyola miyezi, anyezi wamasamba ndi tsabola wa kambuzi sizivuta. Madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi omwewo othirira, a sopo wambiri ayi. Ngati eni nyumba alola dzalani chamwamba pakona, chimakonda kutentha kwa kuno ndipo nthambi yongozika imaphuka, muzichidulira chisatalike kuti muzifikira masamba.

Koma musanadzale kalikonse mangani kaye mpanda, wa bango kapena wa minga, wolimba ndithu. Kuno anthu akangokolola mbuzi amazitayirira, ndipo mbuzi ya ku Mangochi imakwera ndi pa njerwa pomwe. Chaka chatha ndinapita ku chigayo osakhoma bwino kachitseko, pobwera ndinapeza matumba 12 onse ali mbee, mbuzi zinayi zili chigonere pamthunzi wa chamwamba changa zikubzikula, eni ake nditawauza anangoti "pepani achemwali, nanga mbuzi ili ndi nzeru?" Pano matumbawo ndinawakweza pa thandala lalitali, kachitseko ndimamanga ndi waya kawiri.